Malata a ku Camps Bay

M'nyumba mwa a Safeli ku Joe Slovo Park, chaka cha 2013, munalibe nkhani ina koma ukwati wa mwana wawo Fiona. Diresi linali litapachikidwa kale kuseri kwa chitseko, ndipo mayi wake, a Viness, analetsa zokazinga nsomba m'nyumbamo kuopa kuti lingatenge fungo. Chomwe chinkawasowetsa mtendere bambowo chinali tchalitchi. Amalawi anali atachuluka ku Kepi moti chisakasa cha malata chomwe ankapemphereramo chinkadzaza, ena n'kumaimbira panja. Ndiye a Safeli, pokhala wapampando wa zomangamanga, analumbira kuti mwana wawo adzakwatiwira m'tchalitchi chachikulu, basi.

Linafika tsiku la Pepa Sande, lija ndalama zachitsulo zimatsala kunyumba. Abale inu, kunali fumbi! Amayi a ku Nkhata Bay anavina ulendo wa kumbale akukupiza marandi m'mwamba, a ku Mzimba n'kuti ife sitigonja, nawonso ananyamuka ndi nthungululu. Itakwana nthawi ya malonjezo, anthu ankachita kulandana maiki. Uyu akuti simenti, uyu mitengo, winanso mazenera. Kenako anaimirira a Golden, omwe ankasamalira maluwa kwa mzungu wina ku Camps Bay.

"Abwana anga akugwetsa galaja," anatero a Golden, chifuwa patsogolo. "Malata ake ataliatali, osadontha. Za denga lonse mundisiyire ine!"

Tchalitchi chinagwedezeka. Achinyamata anawanyamula a Golden m'mwamba n'kuzungulira nawo, woimba ng'oma anachita kuvula jekete, ndipo a Safeli anapukuta misozi ndi tayi.

Atafika kunyumba sanakhale n'komwe pansi.

"Loweruka tikusasula denga lakale," anawauza akazi awo.

"Bambo a Fiona, malatawo mwawaona?" anafunsa a Viness.

"Munthu walonjeza pamaso pa Mulungu, inu mukufunanso chiyani?"

"Ndikufuna ndiwaone atatsitsidwa pabwalo. Disembala uno anthu maso ali kumudzi. Dikirani ukwati udutse kaye."

"Inu ndi mantha anuwo! Apongozi akubwera kuchokera ku Malawi kudzaimirira panja? Ayi ndithu, ine ndisanafe."

Loweruka lake abambo anabwera ndi mahamala akuimba, amayi akuwathirira thobwa. Denga linasasuka dzuwa lisanafike pamutu. Malata akalewo anawagulitsa kwa anthu omanga zisakasa, ndalama yake n'kugulira misomali ndi matabwa okulitsira makoma. Tchalitchi chinatambasuka mokongola zedi, moti odutsa ankaima n'kumasirira. Chinangotsala n'chofunda.

Apa mpamene foni ya a Golden inayamba kudwala. Lero akuti mawa, mawa akuti bwana wapita ku Joni, mkuja siikupezeka n'komwe. Ena olonjeza aja anali atakwera kale mabasi a kumudzi, mafiliji ndi matilesi zili m'ngolo. Ukwati utayandikira, a Safeli anapsa mtima n'kukwera tekisi okha mpaka ku Camps Bay. Anawapeza a Golden akuthirira kapinga. Pamene panali galaja panali mbee, ngakhale msomali umodzi panalibe.

"Malata aja ali kuti, achimwene?"

A Golden anayang'ana payipi ya madzi. "Anatenga kontilakita wogwetsayo, a tcheya. Akuti anagwirizana choncho ndi bwana."

"Koma bwanayo anali atakupatsani?"

"Ndinkati ndikawapemphe Lolemba lake. Nyimbo ija inandilowa kwambiri."

A Safeli anatembenuka n'kubwerera kwawo. Ndalama zogulira malata atsopano panalibe, zonse zinali m'makoma. Koma munthuyu sankadziwa kugonja. Anabwereka matenti apulasitiki kwa omanga anzawo, n'kuwakunga pamwamba ndi zingwe.

Tsiku la ukwati kunacha bwino, ndipo kunena zoona munakongola. Maliboni mbali zonse, kwaya ya amayi itavala zofanana, apongozi atakhala kutsogolo mwaulemu wawo. Fiona analowa pang'onopang'ono, nthungululu zili pakamwa pa aliyense. Abusa atangotsegula buku la malumbiro, inayamba mphepo ya ku Kepi ija yochokera kuphiri, yosaopa munthu. Tenti inafufuma, zingwe zinaduka, mchenga unalowa ngati wochita kuwaza ndi fosholo. Chophimba kumutu cha mkwatibwi chinauluka n'kukakola pawaya wa magetsi. Keke inasanduka yotuwa, ana akulira, apongozi akutikita m'maso. Fiona anayang'ana bambo ake misozi ili mbwembwembwe.

Abusa anatenga akwati, ankhoswe ndi a Viness n'kulowa nawo m'kachipinda kosungiramo mipando, komwe kokha kanatsala ndi denga. A Safeli sakanatha kulowa. Anali atakakamira chingwe chomaliza ndi manja onse awiri, poti akanangochitaya, mtengo wa tenti ukanagwera azimayi okalamba pabenchi. Mwana wawo mmodzi yekhayo analumbira kuseri kwa chitseko chotseka, ndipo iwo sanamve ngakhale liwu limodzi. Mtima unawawawa koopsa, ndipo panalibe wina womuloza chala.

Akuluakulu sananame: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.