Mlimi Amene Ankayendera Mbuna Yake

Panali mlimi wina amene ankakhala kumpoto kwa Kasungu uko, kumene minda imathera nkhalango n'kuyamba. Munda wake ndiwo unali womalizira. Ukangodumpha mzere wake wotsiriza, ndiye kuti walowa m'misuku. Anali munthu wa manja osakhala chete. Khasu likaguluka ankalikhomera pomwepo, denga likadontha sankadikira kuti mvula ikate. Khalidwe limenelo sindikulinyoza ayi, abale anga, ndi labwino ndithu. Koma mumve zimene linamuchita.

Chaka china chimanga sichinachite bwino. Ng'amba inachigwira chikumasula, ndipo chimene anakolola sichinafike n'komwe pakati pa nkhokwe. Maso a banja lonse anali pa chinangwa. Iye ndi mkazi wake, a Nankhoma, ankadziwa kuti chinangwacho chikapulumuka ana adya mpaka chimanga china chiche. Chikapanda kupulumuka, miyezi ya njala iwapeza manja ali m'khosi.

Ndiye kunabwera nkhumba. Osati nguluwe zathu zakale zija ayi. Izi zinali nkhumba za m'khola zimene zinathawa eni ake kumwera uko, n'kulowerera m'tchire, n'kumaswana kumeneko. Ana ake anamera ubweya ndi mano otuluka kunja, n'kuiwaliratu kuti makolo awo ankadya gaga pakhomo pa munthu. Chaka ndi chaka zinkasendera kumpoto, mudzi uwu kenako uwo, mpaka zinafika m'nkhalango ya kuseri kwa munda wa mlimi uja. Ndipo nkhumba ikalowa m'chinangwa sidya mwaulemu. Imafukula phata ili, kuluma kamodzi, kusiya, kupita pa lina. Kukacha mwini munda amapeza mizere itasalala, chinangwa chili mbwee, china chodyedwa theka, china chikuwola.

Mlimi uja anayesa zonse. Anamangirira zitini pa chingwe, nkhumba zinazizolowera. Anasonkha moto m'mphepete mwa munda, zinkalowera mbali ina. Anatenga galu wake, galuyo anabwerako akutsimphina, ndipo kuyambira pamenepo akangomva fungo la nkhumba ankathawira pansi pa nkhokwe. Mtima wa mlimi uja unawawa kwambiri, pakuti ankaona chakudya cha ana ake chikutha iye ali maso.

A Nankhoma anali ndi mlongo wawo, a Katsache, mlenje wakale amene ankakhala kutsidya kwa dambo. Iwowa ataitanidwa anabwera, n'kuzungulira munda wonse atawerama, mpaka anapeza mkwaso, kanjira kamene nkhumbazo zinkadzera potuluka m'nkhalango. Pamenepo ndi pamene anakumba mbuna, dzenje lija lokolera nyama. Analikumba lakuya mpaka munthu kubisika, lopapatiza kumunsi. Dothi lonse analinyamula m'madengu kukalitaya kutali, kuti pasaoneke pofiira. Pansi anazika zisonga. Pamwamba anayala timitengo topyapyala, kenako masamba, kenako dothi lakale, ndipo a Katsache anawazapo ndowe za nkhumba zomwezo. Anamanga mfundo za udzu pa mitengo chapatali, ndipo anauza anthu onse a m'mudzi kuti woona mfundozo abwerere, poopa kuti mbuna ingagwire munthu wofuna nkhuni.

Atamaliza, a Katsache anapukuta manja n'kunena kuti, “Alamu, ntchito yokumba yatha. Yatsala imodzi, ndipo yovuta ndi imeneyo: musabwerekonso kuno. Nkhumba maso ilibe kwenikweni, koma mphuno! Ikamva fungo la munthu sidutsa. Siyani mvula itsukepo. Ikagwa mudzamva muli pakhomo, nkhumba sifa mwakachetechete.”

Mlimi uja anaseka. “Basi, zomwezo? Kungokhala? Ndiye n'zophwekatu, alamu.”

Ha, zophweka! Kutacha m'mawa miyendo inamuyabwa. Anati mumtima, ndingokaona chapatali, sindiyandikira. Atafika pa mfundo ya udzu anaona ngati tsamba limodzi lasendera. Tsamba limodzi lokha, munthu angalisiye bwanji? Anapita, analibwezera, anabwerera mtima uli m'malo. Mawa lake anaona ngati kamtengo kena kapindika, anagwada, n'kukawongola. Tsiku lina anangoima pambali pake, akusuta fodya wake wa chingambwe, akuganizira. Tsiku ndi tsiku, asanasukusule n'komwe, anali atafika kale pa mbuna.

Ndipo tsiku ndi tsiku ankaona zomwezo. Mapazi a nkhumba ankabwera mowongoka m'mkwaso, kufika pafupi ndi mbuna, kuima, kenako kukhota bwinobwino n'kukalowa m'munda cha kumtunda. Iye ataona choncho anati, ndiye kuti sitinaphimbe bwino. Anavundukula mbuna yonse, n'kuiphimbanso ndi manja ake, thukuta likudonthera pamasamba pomwepo. Nkhumba zinangopitiriza phwando, ndipo mbali yonse ya kumtunda inatha psiti.

Anawoloka dambo atakwiya. “Alamu, mbuna yanu ija ndi yabodza! Nkhumba zikungoizungulira.”

A Katsache ananyamuka. Anatenga chipewa chawo n'kutsagana naye. Asanafike n'komwe pa mfundo za udzu anaima, n'kuloza pansi. Panali kanjira koyera mbee, kopondeka bwino, kochokera kunyumba ya mlimi uja kulunjika pa mbuna.

“Alamu, nkhumba za kuno zayamba kuvala nsapato za matayala?” A Katsache anaseka mpaka kutsokomola. “Mwalambula msewu, chatsala n'chikwangwani basi. Nkhumba zikukuthokozani, mwakhala mukuzichenjeza m'mawa uliwonse.”

Mlimi uja manyazi anamugwira. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, sanapikisane nawo. Mbuna yoyamba ija anaikwirira, pakuti nkhumba zinali zitaidziwa kale. Anakumba ina pa mkwaso watsopano, mwa njira yomwe ija, ndipo a Katsache anabwerera kwawo atamulozanso chala.

Poyamba anapirira. A Nankhoma, podziwa mwamuna wawo, ankamupezera zochita pakhomo: lero khola la nkhuku, mawa mpanda wa bafa, mkuja mpini wa nkhwangwa. Koma nkhumba sizinaleke. Kenako kunagwa chimvula champhamvu, chija chogwetsa nthochi. M'mawa mwake a Nankhoma anapita kumunsi kwa munda kukathyola chigwada cha ndiwo, ndipo anabwerako nkhope itagwa. Nkhumba zinali zitafika pa chulu, pamene panali chinangwa chonenepa kuposa ponse.

Mlimi uja sanafunse kawiri. Anatola chikwanje n'kuuyamba ulendo, mpaka anafika pa mfundo ya udzu. Pamenepo anaima.

Taganizani naye, abale anga. Chimvula chija mwina chagwetsera masamba onse m'dzenje, mbuna ili yasaa, nkhumba iliyonse ikuiona. Ngati zili choncho, ndiye kuti akudikira chabe, chakudya cha ana chikupita. Koma mwinanso mbuna ili bwinobwino, ndipo mvula yomweyo yatsuka fungo lonse, akangopondapo, waononga. Kuti adziwe, akaone. Akakaona, waononga. Mbuna inali pafupi, kuseri kwa zitsamba, pongoponya mwala. Anachita mantha.

Anaima nthawi ndithu. Kenako analankhula yekha mokweza, ngati akuuza munthu. “Ndinakumba, ndinazika zisonga, ndinaphimba. Zanga ndinatha. Zotsalazo si zanga.” Anatembenuka n'kubwerera.

A Nankhoma anamuona akulowa pabwalo. “Mwakaona?”

“Sindinafikeko, mayi. Kodi chigwada chija chapsa?”

Ndipo chodabwitsa n'chakuti tsiku limenelo anadya bwino kuposa masiku onse a m'mbuyomo. Nkhumba zinali zikadali m'nkhalango, chinangwa chinali chikadali pangozi, palibe chimene chinasintha kumunda. Koma mtima wake unakhazikika. Madzulo ake anakhala pakhonde akuluka dengu, akuseka ndi ana ake, n'kumaimba nyimbo ya kutchalitchi, ngakhale mawu ake anali osakoma kumva.

Musaganize kuti nkhumba inagwa tsiku lomwelo. Ayi, ndikanama. Zinabweranso, zinadyanso mizere ina pa chulu paja, ndipo a Nankhoma analira. Mlimi uja naye zinamupweteka, koma sanapite. A Katsache podutsa anangomukumbutsa kuti, “Limbani, alamu. Nguluwe inalira msampha utaning'a.” Iye anangogwedeza mutu n'kupitiriza kuluka dengu lake.

Ndiye m'mawa wina, dzuwa litangotuluka, akunola khasu pakhonde, kunamveka kulira kuchokera kunkhalango. Kulira kwake kogontha m'khutu, kofika mpaka kutsidya kwa dambo. Mudzi wonse unatuluka. Amuna anatenga mikondo, ndipo ulendo uno mlimi uja anathamanga, anadutsa mfundo za udzu popanda womuletsa. M'mbuna munali chinkhumba chachikazi, chachikulu zedi, chimene chinkatsogolera zinzake. Zinazo zinabalalika, ndipo mapazi awo anaonetsa kuti zathawira m'kati mwenimweni mwa nkhalango. Nyengo yonseyo sizinabwererenso m'munda uja.

Anafunika amuna angapo ndi zingwe kuti achitulutse. Nyama inagawidwa khomo ndi khomo, mwendo wathunthu unapita kwa a Katsache, ndipo ana a m'mudzimo anayenda milomo ili noninoni. Chinangwa chimene chinatsala sichinali munda wonse. Mbali ya kumtunda inapita, ndipo ya pa chulu inapita theka. Koma chotsalacho chinakwanira. A Nankhoma anasenda, anayanika makaka pa thandala mpaka linapindika, ndipo ana anadya mpaka chimanga chachiwisi chinafika. M'nyumba imeneyo simunagone munthu ndi njala.

Tsono, abale anga, mwamva fanizo. Imvani tanthauzo lake.

Aliyense wa ife ali ndi munda umene ukudyedwa. Wina ndi mwana amene walowerera. Wina ndi banja limene lazizira. Wina ndi m'bale amene simulankhulana. Mulungu sakuti tikhale manja lende ayi. Mlimi uja anakumba mpaka matuza, ndipo ifenso tiyenera kukumba: kulangiza, kupepesa, kupita kuchipatala, kugwada n'kupemphera. Zimenezo ndi zathu, ndipo waulesi asabisale kuseri kwa fanizo langali.

Koma ntchito yathu ili ndi pothera. Vuto lathu n'lakuti timapereka nkhani kwa Mulungu Lamulungu, Lolemba m'mamawa tafika kale kukaivundukula. Mwanayo munamulangiza, munamupempherera, koma akangolowa m'nyumba mwayambanso: wachokera kuti, unali ndi ndani, ndinakuuza ine. Amuna anuwo munawakhululukira, koma tsiku lililonse mukusuzumira ngati asinthadi. Pamalo pamene Mzimu wa Mulungu akanagwira ntchito mwakachetechete, pangodzaza fungo lathu, fungo la nkhawa. Ndiye zikakanika timati pemphero ndi labodza, chonsecho msewu tinalambula tokha.

Sindikukulonjezani kuti mukasiya m'manja mwa Mulungu simutaya kanthu. Mizere ina idzapita, ndipo mudzalira. Sindikukuuzaninso tsiku limene yankho lidzafike, pakuti sindilidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mlimi uja anapeza mtendere nkhumba isanagwe. Anaupeza pamene anatembenuka, asakudziwa ngati mbuna ili bwino kapena yagumuka. Chikhulupiriro ndi chimenecho: kubwerera kunyumba usanaone, chifukwa ukudziwa amene wamusiyira.

Ndikudziwa kuti pali wina muno amene mtima uli dyokodyoko, akungodikira kuti tinene ameni athamangire kukasuzumira mbuna yake. M'bale wanga, mlongo wanga, unakumba kale, unaphimba kale, ndipo Mwini wake sagona. Pita kunyumba ukadye ndi ana ako.