Penti Yofiira Kunsi kwa Tikapu

Kuseri kwa guwa la tchalitchi kunali kachipinda kopanda zenera, ndipo kumeneko mfumu yake anali Namakapu. Dzinali anamupatsa ndi anthu, chifukwa kwa zaka makumi awiri ndiye ankatsuka tikapu ta Mgonero wa Ambuye, kutipukuta kamodzikamodzi, n'kutindandalika m'mathireyi. Mwamuna wake atamwalira, ntchito imeneyi ndiyo inkamudzutsa m'mawa. Ukafuna kuona mayi wofatsa akusanduka mavu, unkangoyerekeza kukhudza beseni lake.

Kenaka kumapeto kwa msewu kunatsegulidwa fakitale ya nsalu, ndipo inabwera ndi antchito ochokera kutali. Ena anali oyera mbee, ena akuda bii, ena olankhula zinenero zoti ngakhale moni sungamutolemo. Ambiri anali Akhristu. Lamlungu ankabwera mwakachetechete n'kukhala pa mabenchi akumbuyo, aliyense ndi Baibulo la chinenero chakwawo.

Loweruka lina, mawa lake kuli Mgonero, achimwene ake a Namakapu, amene analinso mkulu wa mpingo, analowa m'kachipindako atanyamula kachitini ka penti yofiira. Anati tikapu makumi atatu tidonthezedwe penti kunsi, tikhale ta alendo okhaokha, ndipo tizitsukidwa m'beseni lina. Anati si tsankho ayi, ndi ukhondo chabe, poti sitidziwa zimene anthuwa amadya kwawo.

Namakapu anapsa mtima. "Achimwene, kodi magazi a Yesu ali ndi beseni lachiwiri?"

Achimwenewo anamuuza kuti otsuka mbale asamalowerere nkhani za akuluakulu. Anadontheza okha pentiyo, n'kutuluka akupukuta zala. Namakapu sanakangane nawonso. Anadikira kuti penti iume, anatenga mpeni, n'kupala kadontho kalikonse mpaka tikaputo kuyera. Ndiyeno anatisakaniza ndi tinzake, moti ngakhale achimwene akewo sakanatha kutisiyanitsa.

Mawa lake, nyimbo ili pakati, mkulu wa mpingoyo anavundukula mathireyi. Anasuzumira kunsi kwa kapu yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Nkhope inachita tsinya. Munthu wina akanameza malovu n'kuzisiya, koma bamboyu anali wa mtima wa ndanena-ndanena. Ananong'oneza operekera kuti thireyi ikathere pa benchi yachisanu ndi chiwiri. Choncho vinyo anayenda, anayenda, n'kubwerera pamphuno penipeni pa alendo, manja awo ali chitambasulire.

Namakapu anali atalandira kale kakapu kake koma asanamwe. Anaona mayi wina wa kufakitale, wamtali, wa tsitsi lofika m'chiuno, akubweza dzanja pang'onopang'ono n'kulibisa pansi pa Baibulo. Manyazi amene anamugwira Namakapu anali ngati wavulidwa pamsika. Anadzuka, anayenda pakati pa tchalitchi nsapato zikulira kwe kwe kwe, nakamupatsa mayiyo kakapuko. Mayiyo anamwa theka, n'kumubwezera theka linalo. Namakapu anamwa anthu onse akuona.

Madzulo ake omwewo akuluakulu a mpingo anamulanda kiyi wa kachipinda kaja, namuimika pa Mgonero kwa miyezi isanu ndi umodzi. Abusa, munthu wa "tiona, tiona," sanaone chilichonse. Achimwene ake anati akapepesa pamaso pa mpingo, zonse zibwerera mwakale. Kunena zoona kunyumba Namakapu analira, pakuti kachipinda kaja kanali moyo wake. Koma pakamwa pake sipanatuluke pepani.

"Buku limati kumwamba kudzakhala khamu la mitundu yonse ndi manenedwe onse," anatero. "Inu achimwene mukafika kumeneko, mukapempha benchi yanuyanu?"

Alendo aja sanabwerenso. Anayamba kupemphera m'shedi ya wokonza matayala, tsidya lina la msewu, atakhala pa matabwa ndi pa zigubu. Lamlungu lotsatira Namakapu anamanga mpango wake n'kupita komweko. Nyimbo sankazidziwa mawu, koma ameni ndi ameni kulikonse.

Achimwene ake anaseka, amvekere asiyeni, mvula ikagwa abwerera okha. Anaiwala kuti theka la mpingo wawo linkagwira ntchito m'fakitale yomweyo. Anthuwo ankasoka pa makina oyandikana ndi alendowo, kubwerekana lumo, kugawana chakudya masana. Lolemba akanawayang'ana bwanji m'maso? Anayamba a kwaya kuwoloka msewu. Anatsatira amayi, ndipo kumene kwapita amayi ana sasalira. Amuna anakhalakhala, n'kuona kuti kuuma mutu sikuphika chakudya. Mvula inagwadi, shedi inadontha, anthu anangosendezana n'kupitiriza kuimba, vesi ili m'chinenero ichi, linalo m'chinenero china.

Patapita miyezi itatu, Namakapu akupita kushedi anamva mawu a achimwene ake m'tchalitchi. Anasuzumira pakhomo. Bamboyo anali ataimirira kutsogolo, tayi ili m'khosi, akuyambitsa nyimbo. Anaimba mzere woyamba n'kudikira ovomera. Munali nkhalamba ziwiri, imodzi yogontha, inayo ikuwodzera. Anayambanso mzere womwewo.

Namakapu anamva chisoni, pakuti chibale ndi fupa. Analowa mpaka pakati. "Achimwene, tiyeni. Malo alipo."

"Pafupi ndi ndani?" anafunsa osamuyang'ana.

"Ndi aliyense amene mum'peze."

Achimwenewo anatsegula buku lawo la nyimbo n'kumufulatira. Namakapu anaima pang'ono, kenaka anatuluka n'kuwoloka msewu osacheuka. Kumbuyo kwake mawu amodzi aja anayambanso mzere woyamba kachitatu, ndipo panalibe wovomera. Paja akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.