Tsiku Limene Chitsime Chinagumukira Layisoni

Panali munthu wina, mlimi wa kudimba, dzina lake Layisoni. Dimba lakelo linali kumapeto kwa dambo, ndipo ankalimamo tomato, mpiru ndi anyezi. Anali ndi mkazi wake, Nangondo. Analinso ndi mkulu wake wa bere limodzi, Gelevazio, amene dimba lake linachita malire ndi la Layisoni.

Chaka china mvula inaleka msanga. Pofika Okutobala dambo linali litauma gwa, nthaka itang'ambika ming'alu yolowa phazi la munthu. Chitsime cha Layisoni chinayamba kutulutsa matope okhaokha, ndipo tomato amene anali atangoyamba maluwa anayamba kufota. Choncho m'mawa uliwonse Layisoni ankatsikira m'chitsimemo pa chingwe kukawonjezera kukumba, Gelevazio ali pamwamba kukoka ndowa za dothi. Anakumba sabata ziwiri. Chitsime chinazama mwakuti anthu asanu ndi mmodzi akanaimirirana pamapewa, wapamwambayo sakanasuzumira kunja. Pansi anapeza mchenga wonyowa. Layisoni anadziwa kuti madzi ali pafupi, ndipo anayamba kukumbira cham'mbali, kutsata chinyontho, kunsi kwa mwala waukulu umene unatulukira m'khoma la chitsimecho.

M'mawa wina, dzuwa litangoyamba kutentha, khoma la mbali imodzi linagumuka. Gelevazio anangomva kuti dii, fumbi n'kutuluka m'chitsime ngati utsi. Anaitana mng'ono wake. Mawu anayankha chapansipansi, akuti dothi lamukwirira mpaka m'chifuwa ndipo akulephera kupuma. Gelevazio anakuwa, ndipo anthu anasiya makheni awo othirira m'madimba n'kuthamangira kumeneko. Nangondo anafika akali ndi thovu la sopo m'manja, chifukwa uthenga unamupeza akuchapa.

Anthu anazungulira chitsime, koma palibe anatsika. Sikuti anali ouma mtima. Onse ankadziwa kuti khoma likagumuka kamodzi limagumukanso. Ankakumbukiranso kuti kutsidya kwa dambo lomwelo chitsime china chinameza anthu atatu tsiku limodzi, wachiwiri atatsikira woyamba, wachitatu atatsikira wachiwiri. Gelevazio anamanga chingwe m'chiuno. Analowetsa mwendo umodzi, n'kuona mchenga ukuyoyoka m'khoma ngati ufa pasefa. Anakhala choncho kanthawi, kenako anautulutsa mwendowo. Palibe anamuseka.

Masiku amenewo pamudzi wina wapafupi panali munthu wokumba zitsime, amene anabwera kudzakumba chitsime cha pasukulu. Anali mlendo. Sanali mbale wa Layisoni, ndipo anali asanagulepo ngakhale mulu umodzi wa tomato kwa iye. Munthuyu anamva mfuu, anatenga chingwe chake ndi kakhasu kake ka mpini waufupi, n'kubwera. Anayenda mozungulira chitsime, akuyang'ana khoma. Anafunsa dzina la munthu amene anali pansiyo, ndipo anamuuza.

Gelevazio anali munthu woona mtima. Anamuuza mlendoyo mosabisa kuti khomalo ndi lowola, kuti iye mwini, mkulu wake wa munthuyo, walephera kutsika, ndipo kuti palibe angamunene akabwerera ku ntchito yake. Mlendoyo anati waona zonsezo. Anamanga chingwe m'chiuno mwake, n'kupereka nsonga inayo kwa amuna amene anali pomwepo. Anawauza kuti ndowa azitsitsa pa chingwe china. Koma akadzamva chingwe chakechi chikugwedezeka katatu, adzakoke ndi mphamvu zawo zonse, ndipo asadzaleke kufikira ataona chimene akukokacho. Atatero anatsika.

Ndowa zinayamba kukwera. Anthu ankamva kakhasu kakugunda, komanso mawu a mlendoyo akulankhula ndi Layisoni modekha, monga mmene munthu amalankhulira ndi ng'ombe imene yatitimira m'matope. Ndowa yachisanu inakwera, yachisanu ndi chimodzi inakwera. Akutsitsa yachisanu ndi chiwiri, khoma linagumukanso, ndipo ulendo uno linagumuka kwambiri.

Fumbi litatha, anasuzumira. Pansi panalibe munthu, panalibe khasu, panalibe ndowa. Panali dothi lofiira lokhalokha, ndipo chingwe cha mlendo uja chinalowa m'dothimo cha kumbali ya mwala. Anaitana Layisoni. Anaitana mlendoyo, koma popeza palibe ankadziwa dzina lake, ankangoti, “Bambo, bambo.” Kunali zii. Anayesa kukoka chingwe pang'ono, koma sichinasunthe, ndipo anaopa kukoka kwambiri kuti angagwetse khoma lotsalalo.

Anadikira. Dzuwa linafika paliwombo. Ena anapita kukakhala pamthunzi wa nthochi. Dzuwa linapendeka. Amayi ena anayamba kulira chapansipansi, ndipo munthu wina anapita kumudzi kukauza akuluakulu a mpingo kuti kwagwa zovuta.

Pamenepo Gelevazio anaimirira n'kulankhula, pakuti ndiye anali mwini mbumba. Anati asatsikenso munthu wina, chifukwa awiri akwana. Kenako anayamba kunena za mlendo uja. Anati chibadwire chake sanaonepo munthu wotero, munthu wosiya ntchito yake n'kutsikira m'dzenje chifukwa cha munthu amene sankamudziwa. Anati pamene abale anaima chilili, mlendo ndiye analowa. Anati chitsimecho achikwirire kuti chikhale manda a anthu awiriwo, ndipo akadzakolola adzamangepo chiliza cha simenti. Adzafufuza kwawo kwa munthuyo ndi dzina lake, adzalilembe pachilizapo. Ana a m'mudzimo adzakula akumva nkhani yake, kuti adzaphunzire kukonda anzawo monga anachitira iye.

Anthu anavomera. Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo anazinena bwino. Ena amene ankalira anapukuta misozi, mitima yawo itakhalako pansi. Amuna anapita m'madimba mwawo kukatenga makasu.

Nangondo yekha sanalire. Chigumukireni khoma kachiwiri, iye anali atakhala pansi m'mphepete mwa chitsime, atagwira chingwe cha mlendo chimene amuna aja anachisiya. Anachikulunga kawiri padzanja lake. Dzuwa linamuwotcha, ndipo amayi anzake anamupempha kangapo kuti apite pamthunzi, koma sanasunthe.

Amuna atabwera ndi makasu, Gelevazio anapita kukanjuta pafupi naye.

“Mlamu, chisiyeni chingwecho,” anatero. “Munthuyu wachita zonse zimene akanatha. Chikondi chotere sitidzachionanso.”

Nangondo sanachotse maso pachingwe.

“Chikondicho ndachiona, alamu. Koma iye sanatsike kuti ife tione chikondi. Anatsikira Layisoni. Akakhala komweko, ndiye kuti Layisoninso wakhala komweko, ndipo ife tangokhala ndi maliro awiri.”

Gelevazio anakumbutsa mlamu wakeyo kuti papita nthawi yaitali, ndipo munthu sangakhale m'dothi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Nangondo anati zimenezo sakuzidziwa. Chimene akudziwa n'choti munthuyo anati adzagwedeza chingwe katatu, ndipo iye sadzachisiya. Gelevazio anakweza dzanja, n'kuuza amuna a makasu aja kuti ayambe adikira. Iwo anaima, atatsamira pamipini. Ena ankayang'anana, poganiza kuti chisoni chamusokoneza mayiyo.

Mithunzi ya nthochi inatalika mpaka kufika pachitsime.

Kenako Nangondo anamva chingwe chikulimba padzanja lake. Chinalimba n'kumasuka. Chinateronso kachiwiri, ndiponso kachitatu. Iye sanakuwe. Anangogwira dzanja la Gelevazio n'kuliika pachingwepo. Chingwe chinagwedezekanso katatu.

Amuna asanu ndi atatu anaponya makasu pansi n'kugwira chingwe. Anakoka. Poyamba sichinabwere. Anakokanso, ndipo pansi paja, pafupi ndi mwala, dothi linafufuma ngati pamene pakutuluka bowa. Panatuluka dzanja, kenako mutu. Katunduyo anali wolemera kuposa munthu mmodzi, ndipo chingwe chinawasupula m'manja, koma sanaleke. Mlendo uja anakwera pang'onopang'ono, akuponda khoma ndi mapazi, mchenga ukuyoyokera pansi pake. Atafika pakamwa pa chitsime m'pamene anthu anaona chimene chinkalemeracho. Kumsana kwake kunali Layisoni, mutu uli lende. Mlendoyo anali atamasula chingwe m'chiuno mwake n'kuchimanganso mozunguliza zifuwa za onse awiri, mfundo imodzi.

Anawagoneka pansi n'kudula chingwecho ndi chikwanje, chifukwa mfundoyo inakana kumasuka. Layisoni ankapuma. Mlendoyo anali wotuwa thupi lonse, zikhadabo zitazuka, zala zikuchucha magazi. Anapempha madzi. Atamwa anafotokoza mwachidule kuti khoma litagwa, mwala uja unawatchinga, n'kuwasiyira kamalo kochepa ngati kunsi kwa nkhokwe. Khasu linakwiririka, choncho anafukula Layisoni ndi manja, kuyambira m'chifuwa mpaka kumapazi. Atatha anayamba kuboola chokwera, akutsata chingwe.

Ali chikhalire anaona makasu ali mbwee pansi mozungulira chitsime. Anawayang'ana. Eni ake anawatola mmodzimmodzi n'kukawaika kuseri kwa nthochi.

Layisoni anamutengera kuchipatala pangolo. Anali atathyoka nthiti ziwiri, ndipo pofika nthawi yobzala chimanga anali akuyenda. Anthu ankakonda kumufunsa kuti anatuluka bwanji m'dzenje lakuya chotero, ndipo iye ankayankha chimodzimodzi nthawi zonse.

“Ine sindinakwere. Sindikumbuka n'komwe. Ndinangomangidwa kwa munthu amene anakwera.”

Abale anga, fanizo lathera pamenepa. Tsopano mverani.

Alipo ambiri amene amanena za Yesu monga Gelevazio ananenera za mlendo uja. Amati anali munthu wabwino. Amati anaphunzitsa bwino, anakonda osauka, anafera anthu amene sanamuchitire kanthu. Amati tizimukumbukira ndi kutengera chitsanzo chake. Zonsezi n'zoona, ndipo munthu akhoza kuzinena mokoma mpaka omvera kugwetsa misozi. Koma mukawafunsa ngati anaukadi, amati zimenezo si zofunika kwenikweni, chachikulu ndi chikondi chimene anaonetsa.

Yesu sanalowe m'manda kuti atipatse nkhani yokoma yosimbira ana. Analowamo chifukwa ife tinali momwemo. Uchimo unatikwirira, imfa inatitsekera, ndipo palibe mmodzi mwa makolo athu amene anadzitulutsa yekha. Wopulumutsa amene watsalira m'dzenje sanapulumutse munthu. Ngati Yesu sanauke, manda ake ndi amodzi mwa manda ambiri a anthu abwino, tchalitchi chino ndi chiliza chabe, ndipo nyimbo zonse zimene timaimba muno ndi za pamaliro. Machimo anu akali pamutu panu. Akufa anu adzakhala kumene munawasiya.

Koma anauka. Anatuluka ndi thupi lake, mabala akuoneka. Anzake anamuona, anamugwira, anadya naye, ndipo anthu omwewo amene anathawa tsiku la imfa yake analolera kuphedwa m'malo mokana zimene anaona. Chikhristu chonse chapachikika pa chinthu chimodzi chimenechi. Chikhulupiriro si kukwera ndi mphamvu zanu. Ndi kumangidwa kwa Iye amene anakwera, kuti kumene wapita inunso mupite.

Tsiku lidzafika limene mudzaima kumanda, adzukulu akutsitsa bokosi la munthu amene munkadya naye mbale imodzi. Mudzalire, chifukwa imfa imawawa, ndipo Ambuye mwini analira pamanda a bwenzi lake. Koma tsiku limenelo mudzadziwa chimene mumakhulupirira. Mbiri yabwino ya munthu wakufa sidzakuthandizani pamenepo. Mudzafuna Mpulumutsi wamoyo, ndipo alipo.