Chikho cha aTilaki

Kalekale, msewu wa tala usanadutse, m'mudzi mwathu muno munali mkamwini wina dzina lake aTilaki, agogo anga obala mayi. Kwawo kunali ku Nepal, dziko la mapiri. Anabwera ndi asilikali athu pochokera ku nkhondo ya ku Burma, naona namwali wa m'mudzi muno, Nachisale, basi ulendo unathera pomwepo.

Koma munthuyo kukhala pansi ayi. Kwawoko anali katswiri wa badiminitoni, masewera omenyerana kampira ka nthenga pamwamba pa ukonde. Nanga kuno akanasewera ndi yani? Anamanga ukonde pakati pa mitengo ya mango, naphunzitsa mkazi wake. Nthenga ankazula kwa abakha a apongozi, za phiko lamanzere zokhazokha, ati ukasakaniza mapiko kampira sikauluka bwino. Abakha onse mapiko opendekeka! Apongozi ankangotukwanira kuseri, poti mkamwini sayang'anizana naye.

Ndiye kunabwera kalata yowaitanira ku mpikisano waukulu kwawo. Nthawiyo Nachisale anali woyembekezera. Agogo anayamba kuzungulira. Kudimba, kubwerera. Kumsewu, kubwerera. Kalata aitulutsa, aipinda, aitulutsanso. Mwamuonapo munthu akudya choimirira sabata yathunthu? Analonjeza kuti miyezi itatu sikwana, abwera.

Nachisale anangoti, "Mapanga awiri avumbwitsa, bambo. Mwanayu sadikira mpikisano."

Anapita. Anapambanadi, koma atapambana anawaitanira mpikisano wina, kenaka winanso. Dzinja linadutsa katatu.

Tsiku lomwe anabwera, atanyamula chikho chonyezimira, anapeza kamtsikana kakuthamangitsa abakha pabwalo. Anagwada natambasula manja. Kamwanako kanathawira kumbuyo kwa Nachisale.

"Amayi, kwabwera alendo."

Kamwanako ndi mayi anga. Mpaka agogo kumwalira, mayi sanawatchulepo kuti atate. Ankawalemekeza, ankawapatsa madzi atagwada, monga tichitira ndi alendo. Zimandiwawa mpaka lero, chifukwa ndinawaona agogo atakalamba akuzungulirabe bwalo lomweli, kudikira liwu limodzi lokhalo.

Chikho chija mukuchidziwa, ndi chomwe amamweramo abakha kuseri kwa nkhokwe. Nanga mumayesa ndi mbale wamba?

Magazi oyendayenda tili nawo tonse, sindikana. Koma n'chifukwa chake kwathu kuno mwamuna samanga ulendo mkazi ali ndi pakati. Dikira mwana akudziwe nkhope, ndiye upite.