Wakabaza Amene Anabisala M'chimanga

Amayi anzanga, nkhani iyi ndinaimva kwa mlamu wanga. Mukumudziwa kuti amakokomeza, ndiye zina ndimazikayikira, koma mtima wake wa nkhaniyi ndaukhulupirira.

Akuti ku Nsundwe kunali bambo wina wakabaza wa njinga yamoto. Makasitomala akasowa, ankakhala kwa ometa tsitsi, kumene kunali gemu ya pa kanema. Bambo wa ana atatu, ndevu pepeya, kulimbirana mpando ndi anyamata!

Gemuyo inali ya msilikali wozemba. Suthamanga ayi, umanyang'ama. Alonda ali ponseponse, aliyense ali ndi kachizindikiro pamutu. Akakuona, kamafiira. Ukatero umalowa mu udzu n'kunyonyomala, phee. Mlonda amafuna uku, amafuna uko, kenako amati, "Kaya inali mphepo," n'kubwerera pamalo pake. Kufiira kuja kwatha. Ngakhale mnzake agone wakufa pambali pake, iye waiwala basi. Mlonda wotere ine sindingamupatse ngakhale khola la nkhuku.

Wometa uja ankamuuza, "Achimwene, izi n'za mu kanema. Munthu weniweni saiwala chonchi."

Iye ankati, "Iwe uzingometa tsitsi. Anthu onse ndi amodzi, ukangokhala phee amazizira."

Ndipo anali ataziyesa. Akazi ake akamugwira ndi uthenga wa chibwenzi pa foni, ndipo zibwenzizo akuti zinalipo mpaka wina wa kwaya, sankapepesa. Ankangosowa, kukagona kwa mbale wake. Akabwera, mayi aja atopa nako kulira, madzi osamba ali kubafa. Iye n'kumati kufiira kwatha.

Tsiku lina masana, nyengo imene chimanga chimapitirira munthu, ankathamanga pa kamsewu kafumbi, diso lili pa foni. Anagunda bambo wachikulire amene ankachokera kumunda, khasu lili paphewa. Mkuluyo anagwera mu ngalande.

Njinga inali bwinobwino. Chipatala sichinali patali. Panjira panalibe munthu. Apa ndiye panali posankha: anyamule wovulalayo, kapena abisale.

Anakankhira njinga m'chimanga n'kunyonyomala.

Mkulu uja anali moyo. Ankaitana, "Mwana wanga, sindikukwiyira. Tangobwera undinyamule."

Iye phee.

Anaitananso, mawu akuchepa. Anaitananso. Wakabaza anangogwira pakamwa, kudikira monga ankadikirira kwa ometa kuja. Mawu atasiya, anatulukira mbali ina ya munda, n'kukaima pa siteji ngati palibe chachitika. Amayi ochokera kuchitsime ndi amene anapeza mkuluyo, atazizira kale.

Musaganize kuti anagwidwa. Ayi, kubisalako kunatheka ndithu. Palibe anamuona. Anthu anatukwana magalimoto onyamula mchenga poganiza kuti ndiwo anagunda mkuluyo, analira, anaika maliro. Iye yemweyo ndi amene ankanyamula anthu kupita nawo kusiwa. Mudzi unazizira monga ankanenera.

Koma iye sanazizire. Akadutsa pamunda wa chimanga, masamba akachita phokoso, ankamva "tangobwera undinyamule". Gemu anaisiya. Chakudya chinayamba kumukanika. Anaonda mpaka lamba kumuboola kawiri. Ena ankati ndi matenda a zibwenzi zija, ena ankati anakhwimira njinga ndipo zamutembenukira. Inenso ndikanakhala kumeneko ndikanalankhula nawo, musandiyang'ane choncho.

Tsono tamverani tanthauzo lake. Mlonda wa mu gemu amaiwala chifukwa anamupanga kuti aziiwala, kuti wosewera asangalale. Mulungu sanapangidwe ndi munthu. Saona mbali imodzi, sanena kuti kaya inali mphepo. Ndipo anaika mlonda wina m'chifuwa mwathumu, amene sabwerera pamalo pake. Anthu akakhala chete, sikuti tchimo latha. Mu gemu ukalakwitsa umayambiranso, koma munthu amene wamusiya mu ngalande sadzukanso kuti uyesenso kachiwiri. Ngati pali amene akukuitanani lero, inu muli chinyonyomalire, tulukani adakali ndi mawu.

Mukufuna kudziwa ngati anaulula? Anaulula, koma osati kwa abusa, osati kwa akazi ake.

Chimanga chitatalikanso chaka chotsatira, mayi wamasiye wa mkulu uja anamuimitsa kuti awaperekeze kuchigayo. Atafika pa ngalande ija, wakabaza uja anazimitsa njinga. Sanatembenuke n'komwe.

"Mayi, amuna anu sanafe nthawi yomweyo. Ndinawagunda ndine. Ankaitana, ine ndili m'chimangamo."

Mayiyo anatsika, natula thumba pansi. Kenako anati, "Ndiye mawu awo omaliza munawamva ndinu nokha. Tandiuzani, anati chiyani?"

Ndipo anayenera kuwabwereza mawu aja ndi pakamwa pake, pamaso pa mkazi wa malemuyo.