Galimoto ya Mkwatibwi ndi Siponji Yosachapa

Pathandala pa a Maxon ku Zingwangwa sipankayanikidwa mbale zokha. Pambali pa mapoto pankakhalanso masiponji obulungira ngati zigumu, ena achikasu, ena akuda. Anali a makina opukutira galimoto omwe a Maxon anabwera nawo kuchokera ku Joni chaka chomwe anthu anasankha zipani zambiri. Galimoto zogwiritsidwa kale ntchito zinali zitayamba kudzaza m'tauni, ndipo mwini aliyense ankafuna kuti yake inamize anthu kuti ndi yatsopano.

Wochapa masiponjiwo anali mkazi wawo, Olive. Anamuphunzitsa ndi a Maxon eni ake: kupala polishi wouma ndi mswachi wakale, kuviika m'madzi ofunda a sopo, kufinya ndi zala osapotokola ngati chitenje, kenako kuyanika pamthunzi. Yachikasu ndi ya polishi wokhakhala, yakuda ndi ya wosalala womalizira, ndipo ziwirizi sizibwerekana ntchito. A Maxon ankalalikira zimenezi ngati katekisimu.

Ndiye kunabwera ukwati wa Mervis, mlongo wawo wa a Maxon. Che Abdula, ogulitsa nsalu ku Limbe, kasitomala wawo wakale, anavomera kubwereketsa galimoto yawo yakuda kuti inyamule mkwatibwi. Galimoto imeneyi ngakhale ana awo sankaloledwa kudyeramo chinangwa. Anaisiya Lachisanu m'mawa kuti ipukutidwe, ukwati uli mawa lake.

Tsikulo kunacha ndi chiperoni, ndipo masiponji onse ochapa anali adakali onyowa. Tsono ku Chilobwe, kwa amalume awo, amuna anali atayamba kupha mbuzi za ukwati, ndipo mtima wa a Maxon unali kale pa chiwindi chowotcha. Anatola siponji yachikasu yomwe inagona pansi m'shedi itapukuta minibasi dzulo lake, n'kuimenya kawiri pantchafu.

Olive anaona ali pampopi. Anawakumbutsa kuti siponjiyo inali isanachapidwe, ndipo polishi anali ataumirapo pamodzi ndi mchenga.

"Mayi a Kondie, makina awa ndinawanyamula ndekha kuchokera ku Joni. Inu samalani za mbale."

"Chabwino, bambo a Kondie. Koma mbale zanga sindichapa ndi mchenga wa minibasi."

A Maxon anapotoza kagudumu ka liwiro mpaka kumathero, kumene iwo eni ankati sikufikidwa pa penti yakuda. Makina analira ngati chigayo, polishi n'kumwazika mpaka pakhoma. Dzuwa lisanafike pamutu anali atamaliza galimoto yonse, ndipo mumthunzi wa shedi inkaonekadi ngati galasi. Anasamba m'manja akuimba mluzu.

Mitambo itang'ambika, anaitulutsa panja kuti aneba aone. Anaonadi. Dzuwa linaulula zonse: kuyambira pa boneti mpaka kumbuyo kunali timizere tozungulirazungulira ngati ukonde wa kangaude, ndipo pachitseko penti inali itachita chifunga chifukwa cha kutentha. Mluzu unafera pamilomo.

Tsoka sasimba, nthawi yomweyo Che Abdula anatulukira, akuti angoona mmene ntchito ikuyendera. Anazungulira galimotoyo manja ali kumbuyo. Sanakalipe. Anangoti abwera m'mawa, ndipo akaipeza chonchi aitenga, mkwatibwi akakwere minibasi ya ku Chilobwe pamodzi ndi madengu a tomato.

Olive anawayang'ana amuna ake ataima ngati chitsa. Mawu oti "ndinanena" anali pa lilime, koma anaganiza za Mervis, yemwe anali atauza kwaya yonse kuti adzatsika m'galimoto yakuda. Anawameza mawuwo n'kupita pathandala. Anatenga masiponji akuda, n'kuwafinya m'thaulo louma. A Maxon anawamangirira pa makina mmodzimmodzi n'kuwazunguza m'mwamba kuti madzi otsala athawe, dzuwa ndi mphepo n'kumalizitsa.

Anayambiranso. Ulendo uno kagudumu kanali pansi pomwazira polishi, n'kukwera pang'ono mpaka pakati, osapitirira. Ankagwira kachigawo kakang'ono, kukula ngati lichero, kupita n'kubwerera, kupingasa n'kubwereranso, kenako n'kuika chikhatho kuti amve ngati chitsulo chatentha. Siponji ikangoyamba kulemera, Olive ankaichotsa, n'kupereka ina, iyo n'kuipala ndi mswachi. Timizere sitinachoke ulendo woyamba. Wachiwiri tinazirala. Pobwerezanso m'pamene nkhope ya a Maxon inayamba kuoneka pa boneti, ndi makwinya ake omwe.

Madzulo kunadutsa msuweni wawo kuchokera ku Chilobwe, milomo ili noninoni, kudzafunsa chomwe chinawatsekereza. Anati chiwindi chatha, ngakhale nthumbwana sizinatsale.

"Uwauze kuti alamu ako andisunga," anatero a Maxon, maso ali pachitseko cha galimoto.

"Uwauze zoona," anatero Olive. "Yawasunga ndi siponji ya minibasi."

A Maxon anaseka, koma kagudumu sanakakhudze.

M'mawa Che Abdula anafika atavala mkanjo woyera. Anaitulutsa okha galimotoyo padzuwa, n'kuwerama, n'kuyang'ana chammbali monga amayang'anira nsalu yokayikitsa. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakonza chipewa chawo akudziona pachitseko, n'kufunsa kumene kunali maliboni.

Mervis anatsika pa tchalitchi nthungululu zili pwirikiti, velo lake likuoneka kawiri, lina pamutu, lina m'penti yakuda. Sanadziwe chilichonse cha dzulo lake, ndipo Olive sanamuuze. Kumadyerero anangowaikira amuna ake nthuli yaikulu m'mbale, n'kuwanong'oneza kuti adye pang'onopang'ono, mbuzi siithawa.

Kuyambira pamenepo siponji yomwe yagwira ntchito sigonanso pansi m'shedi muja. A Maxon amaiponya okha m'beseni. Ndipo kasitomala akamawafulumizitsa kuti akweze liwiro, amaloza kagudumu kaja n'kumuuza zomwe akuluakulu ananena kalekale, makina asanabwere: mphini yobwereza ndiyo imawala.