Madenga Oyenda a ku Bundabunda

Pa depoti ya chimanga ya kopaletivi ya alimi ku Bundabunda panali tebulo limodzi, mpando umodzi ndi pakamwa pamodzi. Zonsezi zinali za Langford Mbewe, wapampando. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo Langford ankakhulupirira kuti msonkhano wabwino ndi umene wamkulu amalankhula, ena n'kumawomba m'manja. Lolemba lililonse ankasonkhanitsa antchito ake pansi pa mkuyu: Fidelis wa pa sikelo, Dainess wotsogolera amayi osoka matumba, Yoramu wa ngolo, ndi Abson mlonda. Ankalankhula mpaka mthunzi kusamuka, kenako n'kufunsa kuti, "Pali wotsutsa?" Masiku amenewo ndani akanafuna kutchedwa wotsutsa? Onse ankangowomba m'manja n'kubalalika.

Sanali munthu woipa ayi. Ntchito ankaikonda, ndipo lilime lake linali lothyakuka. Ndi iye amene anazungulira midzi pa njinga kunyengerera alimi kuti chimanga chawo chikhala chotetezeka ku depoti. Chaka chimenecho chimanga chinachita kubereka modabwitsa, moti anthu anamanga nkhokwe zowonjezera. Atatonola, anadzatula ku depoti, matumba n'kuunjikana pabwalo ngati chulu. Koma malole ochokera ku Lusaka ankangobwera mwa apo ndi apo, ndipo matenti ofunditsira matumba anathera m'malonjezo. Chimanga chija chikanavunda, thukuta la midzi yonse likanatayikira m'manja mwa Langford.

Okutobala atafika, kumwamba kunayamba kusintha nkhope. Pa msonkhano wina Dainess analimba mtima n'kukweza dzanja.

"Ba Cheyamani, mvula ili pafupi. Nenze kuganiza kuti..."

"Ba Dainess, nkhani ya matenti nakamba kale," anamudula Langford. "Ku ofesi nimayenda ni ine, osati imwe. Matenti azabwela. Pali wotsutsa?"

M'manja munawombedwa monga mwa masiku onse.

Sabata yomweyo kunagwa chizimalupsa. Inali mvula yongodutsa, koma matumba apamwamba anamwa madzi. Posakhalitsa timizu toyera tinayamba kusuzumira m'masaka, ndipo pabwalo ponse panamveka fungo la chimera. Langford anapalasa njinga mpaka ku ofesi yaikulu ya kopaletivi, kumene anamuuza kuti matenti apita kwina, iye adikire. Anabwerera mtima uli m'malere.

Pofika ku depoti anatsika njinga n'kudzera kuseri kwa mulu wa matumba. Kumeneko anamva mawu a antchito ake, ndipo anaima. Anthu aja amene pansi pa mkuyu ankakhala ngati amwa phala lotentha anali kulankhula molandizana, wina kutsutsa, wina kuwonjezera.

"Manje bwanji sitiwauza ba Cheyamani?" anafunsa Abson.

"Uzawauzila pati?" anayankha Yoramu. "Ukatsegula kamwa, beve atseka kale miting'i."

Onse anaseka. Kuseka kumeneko kunamulasa Langford. Poyamba anapsa mtima, nafuna kuwatulukira kuti awaonetse chomwe chinameta nkhanga mpala. Koma fungo la chimera lija linamukumbutsa kumene nzeru za yekha zinamufikitsa, ndipo mkwiyo unasanduka manyazi. Anazindikira kuti msonkhano weniweni wa depoti yake unkachitika Lolemba lililonse iye atachoka. Anabwerera mwakachetechete n'kukalowera kutsogolo akuliza belu la njinga.

M'mawa mwake anaitanitsa msonkhano ngakhale silinali Lolemba. Tebulo analisiya m'nyumba, nayala saka pansi n'kukhala pakati pa Abson ndi Dainess.

"Lelo ine nikamba pothela," anatero. "Chimanga chiwola. Aliyense akambe zamene aganiza."

Abson, posowa chochita, anawomba m'manja kamodzi n'kuleka. Langford anamva mawu akumutokosa pakhosi, koma analuma mano n'kudikira. Kudikira kumeneko kunamupweteka kuposa ulendo wa ku ofesi.

Dainess ndiye anayamba. Anati nkhokwe zowonjezera zija zangokhala zopanda kanthu m'midzi, koma madenga ake ndi atsopano, udzu wake wachaka chomwecho. Bwanji osaphwasula mulu waukuluwo, n'kusanja matumba m'timilu tozungulira, kamulu kalikonse n'kukaveka denga la nkhokwe?

"Manje pansi?" anatero Abson. "Chiswe cha pano nichiziba ine. Tiike miyala na mitengo, tiwaze phulusa."

Yoramu anati mitengo ndi miyala atuta ndi ngolo, ndipo timiluto tikhale kumtunda kwa bwalo. Fidelis anatsutsa, nati kumtundako lole siingafike, ndiye matumba adzasenzedwa kawiri. Anakangana awiriwo mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera, Langford akungoyang'ana, kudabwa kuti anthu akutsutsana pamaso pake koma dziko silikugwa. Mapeto ake anamvana kuti timilu tikhale kumtunda, koma pakati pasiyidwe njira ya lole. Matumba onyowa, amayi awakhuthula n'kuyanika chimene chingapulumuke.

"Chasala chimozi," anatero Dainess akumuyang'ana Langford. "Madenga ni a bene. Afunika munthu oziba kupempha."

Apo ndiye onse anaseka pamodzi ndi Langford yemwe. Anabwereza zimene anagwirizana, aliyense natchula ntchito yake ndi pakamwa pake, ndipo msonkhano unatha mthunzi usanasunthe.

Langford anazunguliranso midzi. Ulendo uno sanalonjeze kanthu. Anangonena chilungamo kuti chimanga chili pangozi ndipo iye yekha walephera. Masiku otsatira anthu a ku Bundabunda anaona zimene sanazionepo. M'tinjira tonse munali madenga oyenda okha, miyendo ya anthu ikuoneka pansi, nyimbo zikutuluka m'kati. Amayi ankaimba nthungululu, agalu akuuwa posadziwa kuti ndi nyama yanji. Pansi pa denga lina panali mutu wa wapampando, udzu uli mbwee m'tsitsi, akumvera Yoramu amene ankafuula kuti, "Kumanzele, ba Cheyamani, kumanzele!"

Mvula yeniyeni itabwera inagwa ngati ili ndi mangawa, koma inapeza depoti itasanduka mudzi wa timadenga. Madzi ankatsetsereka pa udzu n'kumapita kudambo. Malole atatulukira, wolandira chimanga anabaya thumba ili ndi ilo ndi chitsulo chake, ndipo chimanga chinkatuluka chouma gwa, chikulira pogwa m'dzanja. Anafunsa kuti nzeru imeneyi ndi ya ndani. Langford wakale akanadziguguda pachifuwa. Uyu anangotambasula dzanja kuloza anzake, misozi yachimwemwe ikulengeza m'maso, nati, "Funsani aba. Ine nenze chabe na kamwa."

Tebulo lija silinabwererenso pansi pa mkuyu; Dainess analitenga kuti azidulirapo ulusi wosokera matumba. Ndipo mpaka lero ku Bundabunda, munthu akayamba kulankhula yekha pa msonkhano, amamukumbutsa za chaka chimene madenga anayenda, kuti mutu umodzi susenza denga.